TIZIKUMBU TA KAYERA TINATSALA PANG'ONO KUDANITSA PACIBALE

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mvula yoyamba ya mwezi wa Novembala, imene imameretsa mbeu m'minda, ndiyonso imadzutsa adani a mbeuzo amene amakhala ali gone m'nthaka cilimwe conse. Mmodzi wa adani otere ndi kacikumbu kodya masamba a kayera ndi nyemba, kamene akatswiri a zaulimi amati Ootheca. Ndi kakang'ono, kutalika kwace mamilimita 6 okha, konyezimira, ndipo mapiko ace amakhala akuda kapena ofiirira. Koma kucepa kwaceko kusanyenge munthu. Kacikumbu kameneka kanalanda ndiwo amai ena amasiye a m'boma la Chadiza zaka ziwiri zotsatizana, ndipo kanatsala pang'ono kuwadanitsa ndi mlamu wao.

Amaiwa amalera adzukulu atatu. Kuseri kwa nyumba yao kuli kamunda kamene anali kubzalamo kayera caka ndi caka, mvula ikangogwa. Anali kufulumira cotero cifukwa masamba a kayera ndiwo anali ndiwo zao m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka ndipo ndalama yogulira kapenta palibe.

Caka coyamba kayera atangoturutsa masamba awiri, masambawo anabooka ponseponse ngati sefa. Amaiwo anawaza phulusa, nakolola pang'ono. Caka caciwiri zinthu zinaipiratu. Mbeu zambiri zinatha zisanakule, ndipo zimene zinapulumuka zinayamba cikasu ndi kufota cinkana nthaka inali yonyowa. Tsidya lina la mpanda, m'munda wa mlamu wao, kayera anali wobiriwira bwino.

Apa ndipo panagona nkhani. Ciyambire imfa ya amuna ao, amaiwa ndi mlamu waoyo sanali kumvana pa za malire a munda. Tsono poona kusiyana kwa minda iwiriyo, mtima wao unayamba kunena zina. Anaganiza kuti pali munthu amene anapondamo usiku. Analeka kupereka moni, analetsa adzukulu kukasewera kumeneko, ndipo anayamba kusunga nkhuku yoti akaombezere.

Mwamwai mlangizi wa zaulimi anafika m'mudzimo nkhukuyo isanapite. Atamva dandaulo lao, anapempha khasu, nazula tsinde limodzi lofota pamodzi ndi dothi lace. Pa mizu panali timphutsi toyera, ndipo timibulu tija ta pa mizu ya kayera, timene timapatsa mbeu cakudya cocokera mu mpweya, tinali todyedwa.

"Amai, mfiti yanu ndi iyi," anatero mlangiziyo. "Ndipo mwakhala mukuiweta nokha pamalo pano."

Anawafotokozera m'mene kacikumbuka kamakhalira. Mvula ikagwa, tizikumbu timaturuka pansi ndi njala, ndi kugwera mbeu zimene zayamba kumera. Tatikazi timaikira mazira m'dothi pafupi ndi tsinde, ndipo pakapita masabata awiri kapena atatu mazirawo amaswa mphutsi zodya mizu. Mphutsi zikakhuta zimaumba tinyumba tadothi, momwemo zimasanduka tizikumbu, ndi kugona mpaka dzinja lina. Motero wobzala kayera pamalo amodzimodzi caka ndi caka amakonzera adani ace cakudya pakhomo peni-peni. Za munda wa mlamu uja, yankho linali lapafupi: iye anabzala mocedwa ndi masabata atatu cifukwa anali kudwala, ndipo pamene mbeu zace zinamera, unyinji wa tizikumbu unali utadya kale kwa amaiwo.

Mau amenewa anawalasa mtima. Madzulo a tsiku lomwelo anagwira nkhuku ija, napita nayo kuseri kwa mpanda.

"Odi alamu," anatero atagwada pakhomo. "Ndamva kuti munadwala dzinja lino ndipo ine sindinabwere kudzakuonani. Landirani kankhukuka, mumweko msuzi."

"Zikomo mlamu, lowani," anayankha bamboyo. Sanafunse zambiri, pakuti munthu wamkulu amamva ndi zimene sizinanenedwe.

Nchito yeni-yeni inayamba masika. Atangokolola, nthaka isanaume, anagalauza minda yonse iwiri kuti tinyumba tadothi tija tiphwanyike ndi kutenthedwa ndi dzuwa. Nkhuku zinali kutsata khasu ndi kutola zimene zaturuka. Dzinja lotsatira, pamalo pa kayera anabzalapo cimanga, mbeu imene mphutsizo sizikonda, ndipo kayera anamusamutsira kutali. Anadikiranso masabata awiri mvula itagwa asanabzale, ndipo banja lililonse la mbali imeneyo linabzala nthawi imodzi, kuti pasakhale munda umodzi wolandira alendo onse.

Tizikumbu tina tinabwerabe, pakuti tili ndi mapiko. Timeneti anali kutola ndi manja. Kacikumbuka kali ndi cinyengo cace: munthu akangokhudza tsamba, kamadzigwetsa pansi ndi kusowa m'dothi. Cifukwa cace amaiwo ndi adzukulu ao anali kulawira m'mamawa, mame asanaume, pamene tizikumbu tili tofooka ndi cisanu. Mmodzi anali kuika beseni la madzi a sopo pansi pa mbeu, wina ndi kugwedeza tsinde. Ndi nchito yotopetsa msana, koma tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Nzeru imeneyi si ya kuno kokha ai. Ku Ulaya kuli mbale wace wa kacikumbuka, wofiira psuu, amene amadya maluwa a mtundu wa lily m'minda ya pakhomo. Anaoloka nyanja, ndipo mu 1992 anapezeka ku Massachusetts, m'dziko la America. Nayenso akakhudzidwa amagwa cagada, kuonetsa mimba yakuda imene sioneka padothi. Olima maluwa a kumeneko, cinkana ali ndi masitolo odzaza mankhwala, ambiri amadalira njira yomweyi yotola m'mamawa ndi kumiza m'madzi a sopo.

Pa masiku amene tizikumbu tinacuruka kuposa manja, amaiwo anagwiritsa nchito mthuthu, citsamba cija ena amati ombwe. Anasinja kilogalamu 1 ya masamba mu mtondo wapadera, nawaviika m'malita 5 a madzi usiku wonse. M'mawa anasefa ndi nsalu, naikamo kasopo pang'ono kuti mankhwalawo amamatire pa masamba, ndipo anawaza madzulo cifukwa dzuwa limapha mphamvu yace. Mlangizi anawacenjeza zinthu zitatu: kusamba m'manja akatsiriza, kudikira masiku angapo asanathyole ndiwo, ndiponso kusatsuka ziwiya mu mtsinje, pakuti mthuthu umapha nsomba.

Caka cimeneco masamba anabookabe apa ndi apo, koma adzukulu anadya ndiwo mpaka dzinja kutha, ndipo mbeu yobzala inatsala m'nkhali. Za malire a munda, anakazikamba kwa amfumu masana, anthu akumva, ndipo zinatha.

Tsono inu alimi amene kayera kapena nyemba zanu zabooka masamba ndi kufota dzinja lino, zulani tsinde limodzi muone ku mizu musanaloze munthu cala. Mukapeza mphutsi, kambiranani ndi anansi anu tsiku logalauza, cifukwa munda umodzi wosiyidwa umadzaza mudzi wonse. Kumene kwakusokonezani, funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu.