Za Kukankha Bokosi Lolemera

Ana anga, pali mphamvu yina imene sitiiona ndi maso, koma tikomana nayo pa nchito iri yonse ya kukankha ndi kukoka. Bokosi likamakwawa pansi, kunsi kwace kukhulana ndi simenti, ndipo kukhulanako kulimbana ndi wokankhayo. Cifukwa cace munthu wofuna kudziwa umo liwiro la bokosi lidzakulira ayenera kuyamba wawerenga mphamvu yoletsayo.

Pa zaka zimene ndaphunzitsa masamu ndaona kuti ana ambiri aphonya samu iyi pa malo amodzi. Atenga mphamvu ya wokankha, naigawa msanga ndi kulemera kwa katundu, naiwala kucotsako ya kukhulana. Afanana ndi mlimi wowerengera cimanga ca m'nkhokwe wosakumbuka cimene adya anankafumbwe. Njala imdzidzimutsa mvula isanagwe.

Anthu awiri atithandiza pamenepa. M'caka ca 1687 Mngelezi dzina lace Isaac Newton anasindikiza buku la malamulo a kayendedwe ka zinthu. Lamulo laciwiri litiphunzitsa kuti liwiro la cinthu lionjezeka monga mwa mphamvu yotsala, titacotsa zoletsa zonse, ndi kuti cinthu colemera cicedwa kuonjezera liwiro lace. Muyeso wa mphamvu uchedwa nyutoni pokumbukira iyeyu. Ndipo m'caka ca 1699 Mfalansa dzina lace Guillaume Amontons anaonetsa kuti kukhulana kukula monga mwa kulemera kotsindika pansi. Bokosi mungaligoneke, mungaliimike, kukhulana kuli comweco. Koma mukalisenzetsa katundu kukula.

Tsono tiyeni tiwerenge. Tinene kuti bokosi la mabuku lilemera makilogalamu 50. Dziko lapansi likoka kilogalamu iri yonse ndi manyutoni ngati 10. Cotero bokosilo litsindika simenti ndi manyutoni 500. Tinenenso kuti pa simenti imeneyi kukhulana kuli magawo 3 mwa magawo 10 a kutsindikako, ndiwo manyutoni 150. Mnyamata alikankha molunjika kutsogolo ndi manyutoni 200.

Poyamba cotsani: 150 kucotsa pa 200, patsala 50. Pamenepo gawani: manyutoni 50 otsalawo kugawa ndi makilogalamu 50, yankho ndi 1. Ndiko kunena kuti pa sekondi iri yonse liwiro la bokosi lionjezeka ndi mita imodzi pa sekondi. Atatha masekondi 3 liyenda mamita 3 pa sekondi. Mwana woiwala kucotsa agawa 200 ndi 50, napeza 4. Yankho lace laposa loona kanai.

Taonani zina zimene samu yomweyi itiuza. Mnyamatayo akacepetsa mphamvu kufikira manyutoni 150 bokosi liri kuyenda, palibe cotsala. Bokosi lingopitirira ndi liwiro limene liri nalo, losakula, losacepa. Akaleka ndithu kukankha, kutsala kukhulana kokha: 150 kugawa ndi 50 ndi 3. Liwiro licepa ndi mamita 3 pa sekondi iri yonse, ndipo bokosi loyenda mamita 3 pa sekondi liima itatha sekondi imodzi. Ndipo bokosi liri ciimire, mnzace wa makilogalamu 50 akakhalapo, kukhulana kufika 300, ndipo manyutoni 200 sakhoza kulisuntha konse, angakhale mnyamatayo acite thukuta.

Mudziwenso kuti kudzutsa cinthu cokhazikika kufuna mphamvu yoposa ya kuciyendetsa citayamba kale. Ndico cifukwa cace anthu okoka bwato pa mcenga ayamba aitanizana, nakokera pamodzi. Ndipo anzeru aika mitengo yoburungira kunsi kwace, pakuti cogubuduzika ciletsedwa pang'ono, ndi cokwawa ciletsedwa kwambiri.

Koma musayese kukhulana mdani. Mapazi a wokankha agwira pansi ndi mphamvu yomweyo. Pa matope oterera aterereka iye mwini, bokosi liri pomwepo.

Yesani tsopano nokha. Bokosi la makilogalamu 20 liri pa simenti yomweyo, ndipo mtsikana alikankha ndi manyutoni 100. Pezani kutsindika kwace, pezani kukhulana, cotsani, ndipo pambuyo pace gawani. Liwiro lace lidzaonjezeka ndi mamita angati pa sekondi iri yonse?