Kalata Yochokera Kufupi ndi Blantyre Winayo

Abale anga amene munatsala kumudzi, ndikulemba ndili ku Glasgow, m'dziko la Scotland, mwezi wa December uli pakati. Kwanuko ndikudziwa kuti chimanga chamera, ana akutola ngumbi ndipo mango akungogwa okha. Kuno dzuwa likutuluka nthawi itatsala pang'ono kukwana 9 koloko, ndipo 4 koloko isanakwane kwada kale. Mvula yake si ija yobwera ndi mabingu n'kusiya fungo la dothi. Ndi yamawawa, yosakata, yozizira mpaka m'mafupa. Eni dziko tsiku lotere amaliti dreich, ndiye kuti lotuwa, lonyowa ndi lofoola nkhongono.

Ndimagwira ntchito m'nyumba yosungiramo okalamba, imene kuno amati care home. Agogo ake amadya bwino, amagona pofunda, mankhwala sasowa. Chimene amasowa ndi munthu. Alipo ena amene mwezi umatha popanda wachibale kudzawazonda, ndipo akandigwira dzanja safuna kulisiya. Ndikaweruka ndimakatereka mphika wa nsima ya ufa wa ku South Africa wogula m'sitolo ya zakudya za ku Africa, ndiwo zake nsomba youma ndi chisanu imene amati ndi mtundu wa chambo, koma kukoma kwake n'kosiyana kutalitali. Ndimadya ndekha, ndikulakalaka nkhwani wotendera ndi chikho cha thobwa, komanso phokoso la ana olimbirana mkute.

Ukakwera sitima pa Glasgow Central, theka la ola lisanathe wafika ku Blantyre. Inde, Blantyre weniweni, amene mzinda wathu unatengako dzina. Ndi katauni kakang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kopanda Ndirande kapena Soche woti n'kuyang'ana. Kumeneko kuli nyumba yotchedwa Shuttle Row, mmene David Livingstone anabadwira mu 1813. Banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi, kuphika momwemo, kugona momwemo. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito pafakitale ya thonje, kulowa m'mamawa kutuluka usiku, kenako n'kupita kusukulu. Kusukulu kwathu ankatiphunzitsa za iye ngati bwana wamkulu, koma nditaima m'chipinda chija ndinaona kuti uthenga wabwino unanyamuka panyumba ya amphawi.

Zimene zinatsatira mukuzidziwa. Iye anafika kunyanja yathu mu 1859, anamwalira kwa Chitambo mu 1873. Mu 1875 a Livingstonia, pamodzi ndi Dr Robert Laws, anakocheza ku Cape Maclear, ndipo chaka chotsatira a Church of Scotland anakhazikitsa mishoni ya Blantyre. Manda awo ali ku Cape Maclear ndi ku Bandawe, ambiri anyamata amene malungo sanawapatse mpata. Sanali angelo ayi. A ku Blantyre oyambirirawo anafika pokwapula anthu mpaka mpingo wawo unachotsa ena pantchito. Koma anabwera. Ndipo kumbuyo kwa aliyense wobwera kunali mipingo yosonkha ndalama, amayi osoka zovala, ana a Sande sukulu oponya timakobiri m'bokosi pofuna kuthandiza anthu amene sadzawaonapo.

Lero mipingo imene inkasonkhayo ndi imene ikutha. Pa kalembera wa mu 2022, anthu oposa theka a dziko lino, 51 pa 100 alionse, ananena kuti alibe chipembedzo, ndipo a Church of Scotland anangotsala pafupifupi 20 pa 100. Nyumba zopemphereramo, zimene kuno amati kirk, zikutsekedwa ndi kugulitsidwa. Ina yaikulu ya nsanja yaitali kumadzulo kwa mzinda uno tsopano ndi malo omwera mowa ndi oonetserako zisudzo, dzina lake Òran Mór. Tsiku limene ndinadutsapo koyamba mtima unandiwawa, ndikukumbukira tchalitchi ya kwathu ya St Michael and All Angels, imene David Clement Scott anamanga ndi manja a makolo athu kuyambira 1888 mpaka 1891. Kumeneko ukachedwa pa Sabata umakhala panja, mapemphero achizungu akutuluka achichewa akulowa.

Kumene ndimapemphera ine, mipando ndi ya anthu mazana koma timakhalamo ochepa, ambiri a imvi. Nyimbo zake ndi zomwe zija za m'buku lathu la nyimbo, maimbidwe omwewo, kungoti amaziimba chapansipansi ngati akuopa kudzutsa mwana. Ola likangokwana atseka. Kenako tiyi ndi mabisiketi, aliyense n'kulowa m'galimoto yake. Palibe mlaga wapakati pa sabata, palibe amayi a Mvano a bulauzi yoyera kukatungira madzi wodwala. Maliro a gogo wina wa kuntchito kwathu anatha mphindi zosakwana ola, anthu ake owerengeka ndi zala. Panalibe siwa, panalibe kwaya yochezera usiku, panalibe ngakhale woti alire mokweza. Ndinabwerera kunyumba ndikudzifunsa kuti kodi pakati pa dziko lotumiza amishoni ndi dziko lofunika amishoni, lino ndi liti?

Abale anga, ife tinazolowera kuganiza kuti mmishoni ndi mzungu wobwera ndi galimoto ndi mankhwala, ndipo gawo lathu ndi kulandira. Mbiri yathu yomwe ikutitsutsa. William Koyi, Mxhosa wochokera ku Lovedale, ndiye anatsegula njira pakati pa Angoni a M'mbelwa, ndipo anafera komweko mu 1886. David Kaunda, bambo ake a Kenneth Kaunda, anachoka ku Livingstonia kukalalikira ku Chinsali pakati pa Abemba. Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican wochokera ku Chia, anakagwira ntchito ku Msoro m'Zambia n'kumwalirira konko mu 1913. Chaka chomwecho Lewis Bandawe anapita ku Mihecani, m'dziko la Alomwe ku Mozambique. Sinodi ya Harare inaphuka pakati pa amatchona athu amene anapita kukafuna ntchito atanyamula Buku Lopatulika m'chikwama. Onsewa analibe chuma. Lamulo la kumapeto kwa Mateyu lotuma ophunzira kwa anthu a mitundu yonse analimva kuti likunena iwo, ndipo likunenanso ife.

Pali chimodzi chimene chimandidandaulitsa. Amalawi ndi anzathu ena a ku Africa tikafika kuno timakonda kusonkhana tokhatokha, kuimba m'chinenero chathu, kudya nsima yathu, n'kumwazikana. Ndikumvetsa, chifukwa mtima wosungulumwa umafuna anzake, ndipo inenso tsiku lotere ndimaliyembekezera. Koma m'nyumba yoyandikana ndi pamene tasonkhanapo muli nkhalamba imene sinalankhule ndi munthu sabata yonse. Anthu akuno sakonda kuimitsidwa pamsewu ndi mlaliki wa chimkuzamawu, amangokudutsa. Chimene chimawafika pamtima ndi chija ife timachita osaganizako: kugogoda pakhomo, kukhala pansi, kufunsa za moyo, osayang'ana wotchi. Gogo wina amene analeka kupemphera kalekale anandipempha yekha kuti ndizimuwerengera Masalimo madzulo, ataona kuti sindithamangira kuchoka. Amayi anga akumudzi sakanaitcha ntchito ya umishoni imeneyi, akanangoti ndi kucheza.

Tsono gawo lanu, inu otsala, ndi ili. Timachita Pepala Sande ya denga la tchalitchi, ya galimoto ya abusa, ya mpanda wa manse, ndipo zonsezo n'zofunika. Koma ndi liti tinachitako ya mlaliki amene ali kumalo kopanda mpingo, kutsidya kwa malire ku Tete kapena ku Niassa, kapena m'midzi ya kunyanja kwathu komwe? Pa masika, thumba limodzi la chimanga mwa amene mumabweretsa kuguwa lipatulidwe likhale la otumidwa. Abusa ndi akulu a mpingo, mwana wa mpingo akamanyamuka kupita ku Johannesburg, ku Dublin kapena kuno, musamangomupatsa kalata yosamukira. Muimikeni kutsogolo, mumuuze kuti akupita m'malo mwa mpingo wonse. Ndipo pa mlaga wa sabata ino muzititchula mayina, ife amene tili kutali, mutitumizirenso pa WhatsApp nyimbo zimene kwaya ikukonzekera pa Khirisimasi. Ndikufuna ndikawamvetsere agogo anga a kuntchito pa 25 December, chifukwa tsiku limenelo ndili pantchito.