1986: Chaka chimene malezala anatibweretsera ligi

Achinyamata a lero akamakangana za Super League amayesa kuti inabadwira limodzi ndi dziko lino. Ife amene tinali kale pa ntchito mu 1986 tinaiona ikuyamba kukwawa. Chisanafike chaka chimenecho mpira wathu unali wa m'zigawo. Blantyre ndi maboma oyandikana nayo anali ndi ligi yawo, Lilongwe yakenso, kumpoto nakonso ankasewera okhaokha. Matimu a zigawozi ankakumana makamaka pa zikho, monga Kamuzu Cup ndi Chibuku Cup, pomwe ukangogonja kamodzi basi wapakira. Funso lakuti timu yoposa onse m'Malawi ndi iti linkangothera m'mikangano ya pabawo ndi ya m'mabasi a UTM, popanda woweruza.

Ndiye kunamveka kuti kukubwera ligi imodzi ya matimu akuluakulu, ndipo ndalama zake zichokera kwa eni malezala aja tinkagula m'maokala. Dzina lake linali Gillette Nacet Super League. Matimu anali asanu ndi atatu okha. Ligi ya Blantyre inapereka asanu: Bata Bullets, Limbe Leaf Wanderers, MDC United, ADMARC Tigers ndi Red Lions ya ku Zomba. Ya Lilongwe inapereka atatu: Silver Strikers, Civo United ndi MITCO.

Tamvetserani bwino mayinawo, chifukwa ndi momwe mwagona nkhani yonse. Bata inali kampani ya nsapato. Limbe Leaf inali ya fodya. ADMARC inkagula mbewu kwa alimi, Silver inali ya Reserve Bank, Civo ya ogwira ntchito m'boma, Red Lions ya asilikali. Timu iliyonse inali ndi bambo wake woidyetsa, ndipo osewera ambiri ankalembedwa ntchito komweko. Mnyamata amene wakunjenjemeretsani Loweruka pa bwalo, Lolemba mumkumana naye pa depoti atavala ovolosi kapena tayi, akuthamangira kuntchito ngati inu nomwe.

Ine ndinkagwira ntchito pa fakitale ina ku Makata, ndipo pa benchi yoyandikana ndi yanga panali mnyamata wosewera kumbuyo m'timu ina yaing'ono. Nsapato zake za mpira ankazisunga m'kabati pamodzi ndi zitsulo. Nthawi yopuma masana ife tikamadya, iye amakhala akuzipaka mafuta, kapena akuzisoka ndi singano yosokera matumba pomwe zang'ambika. Dzuwa likapendeka kapitawo ankangomugwedezera mutu, iye n'kunyamuka wapansi kupita ku zokonzekera. Akavulala tinkamugwirira ntchito yake osadandaula, pakuti tinkaona kuti akusewerera tonsefe. Ligi yatsopanoyi itangoyamba, anasiyiratu fodya. Ankati tsopano pali pokwera, munthu atha kuchoka pa bwalo la fumbi n'kukasewera ndi a ku Lilongwe sabata ndi sabata.

Tsiku la mpira ku Ndirande linkadziwika m'mawa. Amayi ankaphika nsima msanga. Ikamakwana 12 koloko msewu wopita ku Chichiri umakhala utafiira ndi anthu a Maule, otsatira Bullets, ena atanyamula ng'oma, ena malipenga a zitini, ana akuthamanga m'mbali kufunafuna munthu wamkulu woti awagwire dzanja pa geti. Panja pa Kamuzu Stadium pamakhala amayi ogulitsa zitumbuwa, mtedza wokazinga ndi nzimbe zodula mfundo ziwiriziwiri. Ife a m'thumba mopepuka tinkakhala ku masitandi opanda denga aja, pa simenti yotentha, nyuzipepala tapinda kukhala chipewa. Anzathu a Manoma, otsatira Wanderers, amakhala mbali yawo atavala zabuluu. Tinkanyozana mpaka mawu kusasa, koma mpira ukatha tinkatsika limodzi njira imodzi, chifukwa ambiri tinali a nyumba zoyandikana, mwinanso apachibale. Ndi iko komwe, Bullets inachita kutuluka m'mimba mwa Wanderers mu 1967.

Amene sanaone Lawrence Waya ali pa mpira sangamvetse chimene chinkatiyimiritsa. Mpira ukangofika kumapazi kwake sitandi yonse inkadzuka yokha, wina asananene kanthu. Kinnah Phiri anali atapita kale ku Swaziland, ndipo ena ankati Bullets yathera pomwepo, koma anyamata otsalawo anatipukuta misozi. Ku Wanderers kunali ana a Malunga, ku MDC United kunali Frank Sinalo amene otchinga kumbuyo sankagona naye tulo, ndipo ku Silver kunali Young Chimodzi, munthu wodekha amene ankaona komwe mpira ukupita ena asanaganize.

Timu ikapita ku Lilongwe, ochepa okha ndiwo ankatha kuitsatira. Ulendo wa basi wodzera ku Ntcheu ndi ku Dedza unkadya tsiku, ndipo malipiro athu sankalola. Kanema kunalibe, anadzabwera mu 1999. Tinali ndi MBC basi, ndi kawailesi ka Nzeru. Mabatire tinkawayanika padzuwa kuyambira m'mawa poganiza kuti abwererako mphamvu. Masana tinkaunjikana pakhonde la mwini wailesi, iye ataikumbatira pachifuwa n'kumaitembenuza pang'onopang'ono mawu akayamba kuzilala. Wowulutsa akakweza mawu tonse tinkasiya kupuma. Nthawi zina mabatire ankathera pakati pa chigawo chachiwiri, ndiye tinkatuma mwana wa liwiro kuti akamvere ku nyumba ina, ife n'kumuyembekezera pa msewu. Asanafike, nkhope yake inkatiuza kale ngati tamwetsa kapena tamwa.

Chimene ligi inatiphunzitsa chaka chimenecho ndi kudikira. Tinazolowera chikho, chomwe chimatha tsiku limodzi wina akuvina wina akulira. Ligi inkafuna mtima wina. Kufanana mphamvu ndi MITCO kapena Red Lions, zomwe kale tikanaziiwala pofika madzulo, tsopano zinkatisowetsa mtendere sabata yonse. Lolemba nyuzipepala ya Daily Times inkayenda m'manja kuchoka pa benchi kupita pa benchi mpaka kuda ndi girisi, ndipo anthu oti masamu anawathawa kusukulu ankawerengetsera mapointi pa chikhatho ndi bolopeni. Tinaphunziranso kulemekeza a ku Lilongwe. Ife a mu Blantyre tinkadzimva kuti mpira ndi wathu, koma anyamata a Civo ndi Silver ankabwera mosaopa, ndipo pa bwalo lawo munthu ankatuluka thukuta kuti apeze pointi.

Pomaliza pake Bata Bullets ndiyo inatenga ligi yoyambayo. Usiku umenewo ku Ndirande sikunagonedwe. Komabe ndikamaganiza lero, chokoma kwambiri chinabwera pambuyo. Mu 1987 ligi inapita ku Lilongwe ndi Civo United. Mu 1988 inatengedwa ndi MDC United, mu 1989 ADMARC Tigers, mu 1990 Limbe Leaf Wanderers. Zaka zisanu, akatswiri asanu osiyana. Palibe amene ankadziwa m'mwezi woyamba kuti chikho chigona kwa yani, n'chifukwa chake mabwalo ankadzaza. Timu ya dziko nayonso inakolola. Mu 1987 Malawi inabwerako ndi mendulo ya bronze ku All-Africa Games ku Nairobi itagonjetsa Cameroon, ndipo mu 1988 inatenga chikho cha East and Central Africa pakhomo pano itaswa Zambia mu ndime yomaliza. Anyamata amenewo anali atanoledwa ndi kukumana pafupipafupi ndi anzawo olimba.

Sindinganene kuti zonse zinali bwino. Ligi yotchedwa ya dziko lonse inayamba popanda timu ya kumpoto, ndipo abale athu a ku Mzuzu ndi ku Karonga anali ndi chifukwa chodandaulira. Chinanso n'chakuti timu yodalira bambo mmodzi imafa bamboyo akafooka. MITCO palibenso. MDC United, yomwe inali ndi mpira wokoma chonchija, inazimirira. Bullets ndi Wanderers zasintha mayina kangapo konse potsatira wothandiza watsopano, koma zilipobe chifukwa mizu yake inalowa mwa anthu a m'makwalala, amene kampani ikachoka iwo sachoka.

Chomwe ndimachisowa kwambiri ndi ulemu umene ntchito inkapatsa wosewera. Bondo likathyoka, munthu ankabwerera pa desiki kapena pa makina ake, ana ake n'kumapitabe kusukulu. Mnzanga wa pa benchi uja sanafike mu Super League, koma anapuma ntchito atakalamba, ali ndi nyumba yake. Lero ligi ili ndi matimu 16, osewera amasaina makontilakiti, ena amapita kunja, ndipo zimenezo n'zabwino ndithu. Koma ndaonanso anyamata amene tinkawayimbira nyimbo dzana akuyendayenda m'tauni opanda pogwira, mpira utawathera ali ndi zaka 30 zokha.

Tsono inu amene mukuyendetsa matimu lero, musamangowerenga zigoli za mwanayo. Mufunseni kuti akadzapachika nsapato adzadya chiyani, ndipo mumuphunzitse ntchito ya manja kapena mumubwezere kusukulu miyendo ikadali yolimba. Inunso achinyamata amene mumadziwa pamtima osewera onse a Arsenal ndi Manchester United, Loweruka likubwerali tengani mng'ono wanu mupite naye pa bwalo la kwanuko. Lipirani pa geti, khalani padzuwa, phunzirani mayina a ana a kwanu. Ligiyi tinailera ndi matambala athu, ndipo tsopano ili m'manja mwanu.