Sikelo Imodzi M'mudzi Mwathu



Titabwerera kwathu ku Angónia pambuyo pa mtendere wa 1992, ine ndikali mnyamata, m'dera lathu munali wogula chimanga mmodzi yekha. Sikelo inali yake, ndi galimoto yofika ku Ulongwe inali yakenso. Tsiku lina ndinaperekeza bambo anga ndi matumba atatu pa ngolo. Wogulayo atatchula mtengo, bambo anati wachepa. Iye anangoseka nati, "Ngati simufuna, bwererani nacho, achimwene." Bambo anagulitsa, pakuti amayi anali kudwala ndipo kunalibe kwina kopita. Njala itafika mu Januwale, tinakagulanso chimanga kwa munthu yemweyo pa mtengo wowawa.

Munthu uja sanatibere ndi mfuti ayi. Anangotilanda mphamvu yakukana, ndipo wosauka wopanda mphamvu imeneyi amalimira ena.

Taonani za mafoni a m'manja. Kuyambira 1997 mcel inali yokha m'dziko muno. Vodacom inabwera mu 2003, ndipo Movitel italowa mu 2012 inaimika nsanja zake kumidzi kumene kunalibe netiweki. Lero mlimi amaimbira mbale wake ku Tete kufunsa mtengo asanakweze thumba pa njinga. Izi ndizo zipatso za mpikisano.

Koma wamphamvu safuna mnzake pamsika, n'chifukwa chake pafunika lamulo. Mu 2013 dziko lathu linakhazikitsa Lamulo 10/2013. Limaletsa makampani kupangana mitengo, limaletsa kampani yaikulu kupondereza zinzake, ndipo limafuna kuti makampani aakulu asanaphatikizane ayambe aunikidwa. Bungwe loyang'anira lamuloli, Autoridade Reguladora da Concorrência, linayamba ntchito mu 2021. Ena amati boma lisalowerere pa malonda. Ine amene ndinaona nkhope ya bambo anga tsiku lija sindingavomere.

Komabe bungwe la ku Maputo silingaime pa sikelo iliyonse. Mneneri Amosi, pa mutu 8, anadzudzula amalonda ochepetsa muyeso ndi kunyenga osauka, ndipo ambiri a ife timagula mbewu. Ogula anayi akapangana m'mawa kuti wina asapitirire mtengo wakuti, asanduka wogula mmodzi uja, ngakhale onse ali a mumpingo.

Nyengo yokolola ino, mbale, kanani pangano lotere. Lolani mlimi akafunse pa sikelo ya mnzanu, ndipo akabwerera kwa inu, abwere mwa kufuna kwake.

Mtendere ukhale nanu.