Injini Ikakana Kulira, Tsatani Njira ya Moto

Abale anga alimi a ku Nguludi ndi midzi yonse ya m'tsinde mwa phiri la Malabvi, ambiri a inu tsopano mukuthirira tomato ndi kabichi ndi pampu ya petulo m'malo mwa ndowa. Ndalama zogulira pampu si zochepa. Ena munagulitsa mbuzi, ena munakongola ku banki m'khonde. Tsono ndifuna ndikusimbireni chimene ndinaphunzira pa nyanja ya Chilwa, pakuti chinadzapulumutsa dimba la mnzathu wina kuno kumtunda.

M'mwezi wa June 2022 ndinakwera boti pa doko la Kachulu, m'boma la Zomba, kupita ku chilumba cha Chisi kukazonda mlamu wanga. M'botimo munali anthu ambiri, matumba a ufa ndi njinga ziwiri. Tili pakati pa madzi, injini inatsokomola kawiri, n'kuzima. Woyendetsa anakoka chingwe mpaka thukuta kamukamu, koma injini inangoti zii. Mphepo inali itayamba, boti likutengeka kulowera ku njedza, ndipo amayi ena anayamba kupemphera.

Ine, pofuna kuonetsa kuti ndinapita kusukulu, ndinati, "Achimwene, koyilo yapsa imeneyo." Iwo sanandiyankhe. Anamasula pulagi, naibwezera m'kapu yake yamphira, nakhudzitsa chitsulo cha pulagiyo pa thupi la injini, ndipo anauza mnyamata wawo kuti akoke chingwe. Moto sunaoneke. Anatulutsa pulagi yatsopano m'thumba, koma nayonso sinathwanime. Pamenepo anayamba kutsata mawaya ndi zala, mmodzimmodzi, monga mlenje atsata mapazi a gwape, kufikira anapeza kawaya kowonda kopita ku switchi yozimitsira. Kanali katasupuka, ndipo kankakhudza chitsulo. Madzi a Chilwa ali ndi mchere, popeza mitsinje imalowamo koma palibe umene umatulukamo, ndipo mchere ndi kunjenjemera kwa injini sizichedwa kudya mawaya. Anakulunga kawayako ndi mphira ya chubu cha njinga, ndipo mnyamata atakoka tinaona kamoto kobiriwira kakuti thwani. Injini italira, anandicheukira nati, "Akulu, koyilo n'njodula. Timayamba ndi zotsika mtengo." Ndinachita manyazi, koma mawuwo ndinawasunga.

Injini yaing'ono ya boti ndi ya pampu yanu n'zapachibale. Zonse zimapanga magetsi zokha popanda batire. Mukakoka chingwe, gudumu lolemera lokhala ndi maginito limazungulira kudutsa pafupi ndi koyilo. Koyilo imabala magetsi, amene amayenda m'waya wonenepa kufika ku pulagi, nadumpha kampata ka kunsonga kwake, nayatsa petulo. Switchi yozimitsira siidula waya ayi. Imangopatutsa magetsiwo kuti athawire m'chitsulo cha injini. Chifukwa chake kawaya kake kakasupuka n'kukhudza chitsulo, injini imakhala ngati mwaizimitsa nokha.

Mu September 2023 bambo wina wa mudzi wapafupi ndi mishoni anandipeza m'mamawa. Anati, "Alangizi, pampu yanga ikulira bwinobwino pabwalo kunyumba, koma ndikafika nayo kudimba ikukana. Kodi zimenezi n'zabwino?" Tomato wawo anali pa maluwa, ndipo anali atatha masiku anayi osamwa madzi. Choipa koposa, mtima wawo unali utagwera pa mnzawo wa dimba loyandikana, amene anakangana naye za malire, ndipo nkhani ya ufiti inali pafupi kufika kwa amfumu.

Tinapita limodzi kudimbako. Ndinayesa pulagi monga ndinaonera pa Chilwa: moto panalibe. Ndinatsata mawaya onse: anali amoyo. Kenaka ndinaona kuti pampuyo anaikhazika pa gombe lotsetsereka, yapendekera mbali imodzi. Tinainyamula kuika poyalana, ndipo titatsegula pothirira oyilo tinapeza kuti watsala pang'ono. Injini zambiri za mapampu amenewa zili ndi kachipangizo m'mimba mwake kamene kamazimitsa moto oyilo akachepa, kuti zitsulo zisapsere. Pabwalo poyalana oyilo wochepayo ankakafikabe. Pa gombe ankathawira mbali ina, ndipo kachipangizo kankagwira ntchito yake. Tinasalaza malo ndi khasu, tinathira oyilo mpaka kufika pakamwa, ndipo injini inalira pa kukoka kwachiwiri. Bambo aja anakhala pansi, nagwira pakamwa. Mfiti yawo inali oyilo wosakwana ndi kapu imodzi ya tiyi.

Tsono inu pampu yanu ikakana, musathamangire ku Limbe kukagula zitsulo, ndipo musaigulitse motchipa kwa munthu amene akuti yafa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Choyamba, onani ngati muli petulo, ngati kampopi kake n'kotsegula, ndi ngati switchi ili poyatsa. Chachiwiri, ikani pampu poyalana muone oyilo. Injini zimene zalembedwa 5.5 kapena 6.5 zimalowa oyilo woposa pang'ono theka la lita. Chachitatu, masulani pulagi muiyang'ane. Ikakhala yofiirira ili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye, ipukuteni ndi kaburashi ka waya, muonenso sefa ya mpweya. Ikakhala yonyowa ndi petulo, iumitseni. Mpata wa kunsonga kwake ukhale mamilimita 0.7 kapena 0.8, kuchepa pang'ono pa milimita imodzi. Chachinayi, yesani moto: wobiriwira ngwamphamvu, wachikasu ngwofooka. Moto ukasowa, yesani pulagi ina, ndipo tsatani mawaya ndi zala kufuna posupuka kapena pa dzimbiri. Zonsezi zikalephera, ndiye pitani kwa makaniko akaone koyilo.

Ndikuchenjezeni pa zinthu ziwiri. Poyesa moto gwirani pa mphira pokha, pukutani petulo yense wotayika, ndipo pulagi ikhale kutali ndi bowo limene yachokera, pakuti kamoto kakang'onoko kakhoza kuyatsa malawi. Ndiponso wina akakuuzani kuti adule waya wa kachipangizo ka oyilo kuti pampu isamavute, mukaneni. Kameneko ndi mlonda wa injini yanu, ndipo mukamuchotsa mudzagula injini ina.

Sungani pulagi yapadera, sipanala yake ndi botolo la oyilo m'kathumba kamene kazipita nanu kudimba. Bambo aja anakolola tomato wawo mu November, ndipo beseni loyamba anakatula kwa mnzawo uja amene anamuganizira zoipa.

Ndine wanu,
Mlangizi wa Zaulimi, Nguludi.