Katundu wachipatala amawonongekera pansi

Anthu akamva kuti ndimalongedza zipangizo zachipatala zokwera ndege, amaganiza kuti chimandidetsa nkhawa ndi mlengalenga. M'mimba mwa ndege katundu amagona mwamtendere. Zoopsa zili pansi, pabwalo pamene bokosi likudikira kukwezedwa dzuwa likuswa mtengo, kapena kumene lafika, mapepala a kasitomu asanathe ndipo mawa lake ndi Loweruka.

Ndimagwira ntchito ku Johannesburg, pafupi ndi bwalo la OR Tambo, ndipo wambiri mwa katundu wanga amapita ku Lilongwe, Lusaka ndi Harare. Ulendo wa ku Lilongwe ndi wa maola awiri ndi pang'ono, koma ine ndimalongedza ngati wa masiku atatu.

Tengani makatiriji a makina a GeneXpert oyezera TB. Amafuna kutentha kwa pakati pa madigiri 2 ndi 28. Mu Okutobala, simenti ya pabwalo la ndege imapyola pamenepo nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Mankhwala ena a mu labotale amafuna madigiri 2 mpaka 8, ndipo apa ndi pamene ophunzira ntchito amapusitsika. Amaopa kutentha kokha, n'kugunditsa ayezi wochokera mufiriza ku botolo. Mankhwala amaundana, n'kufika akuoneka bwinobwino chonsecho afa kale. Ayeziyo amayenera kuyamba wakhala panja mpaka atayamba thukuta, ndipo pakati pake ndi botolo payikidwe chotchinga.

Zofunika kuuma gwa timaziika mu dry ice, amene amazizira mpaka madigiri 78.5 pansi pa ziro. Iyeyu sasungunuka kukhala madzi, amasanduka mpweya. Bokosi lake ukalimata ndi tepi paliponse likhoza kuphulika, n'chifukwa chake malamulo a bungwe la makampani a ndege la IATA amamuika m'gulu la katundu woopsa. Timalemba UN1845 ndi makilogalamu ake pabokosi, woyendetsa ndege n'kudziwitsidwa.

Makina enieniwo amalowa m'bokosi la matabwa okhala ndi chidindo cha ISPM 15, chosonyeza kuti anatenthetsedwa kapena kufukizidwa mankhwala kupha tizilombo. Ndimamangirira makinawo ku thabwa la pansi ndi mabawuti, siponji yolimba m'makona. Muyeso ndimayamba ndatenga wa chitseko cha ndege, chifukwa zambiri zochoka kuno n'zazing'ono ndipo bokosi lalitali anyamata amangoligoneka cham'mbali kuti lilowe.

Kunja ndimamata tizida tiwiri, kena kamafiira bokosi likagwa, kena likapendekeka. Sititeteza kanthu, koma wonyamula akationa manja ake amafewa. M'kati mumakhala kachida kolemba kutentha ulendo wonse. Wolandira ndimamuuza kuti asasayine asanaone tizidato, ndipo ngati tafiira ajambule ndi foni, alembe papepala lolandirira katundu dalaivala ali pomwepo. Akasayina kaye n'kudzadandaula Lolemba, a inshuwalansi amangomuonetsa siginecha yake.