Aphunzitsi a ku Katete Afuna Malo a Bata ku Nyanja

Kufupi ndi boma la Katete kuli mkulu wina amene anaphunzitsa mbiri yakale m'masukulu a sekondale kwa zaka 32. Anthu a kumeneko sawachula dzina. Onse amangoti Aphunzitsi, ngakhale kuti coko anacisiya m'caka ca 2019. Pa zaka zonse za nchito, mkuluyu ndi akazi ao anali ndi pangano limodzi lakuti ndalama za penshoni zikadzaturuka, adzapita kukakhala miyezi ingapo m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Nyanjayo Aphunzitsi anaijambula pa bolodi kosawerengeka, koma anali asanaionepo ndi maso. Ndalamazo zinacedwa, ndipo pamene zinafika kumapeto kwa 2023, maiwo anali atagona m'manda caka cathunthu.

Kuyambira pa maliro aja nyumba inawakulira. Usana ankalandira anthu odzapepesa ndi ena odzabwereka ndalama, usiku ankamva koloko yokha. Nyengo ya cisanu ikafika, nyamakazi inkawagwira m'maondo, ndipo dotolo anawalangiza kuti miyezi ya Juni ndi Julayi aziipitira ku malo ofunda. Motero anaitana ana ao nawauza kuti pangano lija adzalikwaniritsa okha, ndi kuti adzacoka kwa miyezi itatu.

Mwana wao wamwamuna, amene amagwira nchito ku Johannesburg, anati, "Atate, ngati mufuna kuona dziko lina, bwerani kwa ine. Cipinda ciripo, ndipo simudzalipira kanthu." Aphunzitsi anathokoza koma anakana. Anakumbukira kuti atapitako kale ankakhala tsiku lonse m'nyumba yokhoma, kudikira kuti eni ace abwere madzulo, ndiponso kuti cisanu ca kumeneko m'mwezi wa Juni cimaposa ca ku Katete. Mwana wamkazi, wa ku Lusaka, sanawaletse. Anangotenga kope limene atate ace analembamo mafunso atatu akuti, cipatala ciri pa mtunda wotani, msika uli pati, ndipo usiku kumamveka ciani. Pansi pace iye analembapo funso lacinai: "Mukadwala, adzakunyamulani ndani?" Aphunzitsi anaseka nati, "Mwanawe, ine ndikukafuna malo opanda anthu." Koma funsolo sanalifafanize.

Popeza safunsa anadya phula, mkuluyu sanafune kulipira nyumba imene sanagonemo. M'mwezi wa Meyi 2024 ananyamuka ndi kacikwama kamodzi kukazonda malo. Anadzera ku Chipata nafika pa malire a Mwami ndi Mchinji, pamene kuyambira 2022 nchito ya maiko onse awiri imacitikira pa malo amodzi. Munthu wa ku Zambia safunikira viza polowa m'Malawi. Anawadindira masiku 30 m'pasipoti, nawauza kuti masikuwo akhoza kuwaonjezera ku ofesi yoona za olowa ndi oturuka m'dziko kufikira 90, koma wofuna kupitirira pamenepo ayenera kupempha cilolezo cina cokhalira m'dziko. Aphunzitsi analemba zimenezi m'kope, cifukwa anadziwa kuti mlendo woiwala tsiku la cidindo amasanduka wolakwira lamulo ngakhale ali ndi imvi.

Ku Lilongwe, kumene kuli likulu la dzikolo kuyambira 1975, anagonako usiku umodzi. Zipatala ndi mabanki zinalipo, koma phokoso la magalimoto ndi mtengo wa nyumba sizinasiyane ndi za ku Lusaka. Anzao ena a m'basi anawatamandira Dedza ndi Zomba, koma malo onsewo ali ku mapiri, ndipo maondo ao sakadalola. Wina anachula cisumbu ca Likoma, kumene kuli chalichi cacikulu ca St Peter cimene anayamba kumanga mu 1903. Mtima wa mphunzitsi wa mbiri unakopeka ndithu, koma anaganiza kuti matenda akakula ulendo wa ku cipatala cacikulu umakhala wa pa madzi, ndipo sitima ya Ilala sidutsa tsiku ndi tsiku. Likoma analisiyira anyamata.

Anapita ku Salima natsikira ku Senga Bay tsiku Laciwiri. Ataona nyanja koyamba anavula cipewa naima nthawi yaitali osalankhula. Mcenga unali woyera, kunali zii, ndipo anatsala pang'ono kulipira mwezi wathunthu tsiku lomwelo. Cimene cinawaletsa ndi kuuma manja kwa munthu wozolowera malipiro a uphunzitsi. Lacisanu madzulo magalimoto a anthu a ku Lilongwe anayamba kufika, ndipo pofika Loweruka usiku nyimbo zinali kugwedeza malata. M'kope muja analemba kuti malo sayesedwa Laciwiri. Wofuna bata agonepo kufikira Lamulungu.

Anakwera basi yolowera kumpoto pa mseu wa m'mbali mwa nyanja. Asanafike ku Nkhotakota, cakufupi ndi thamanda la Chia, anamva za kanyumba kena koima pa kokha, ndipo mwini wace anachula mtengo wotsika kwambiri. Apa Aphunzitsi anaganiza kuti apeza cimene anali kufuna. Panalibe wailesi, panalibe mwana wolira, koma mafunde okha. Anagonamo masiku awiri. Tsiku loyamba anaona kuti mcere, sopo ndi macesi zonse zinafuna kukwera njinga yolipira, kupita ndi kubwera, ndipo atawerengera ndalamazo pa mwezi anapeza kuti kuchipa kwa nyumba kwadyedwa ndi njira. Anaonanso mzere wakuda pa khoma, cakumunsi kwa zenera, ndipo mlonda anabvomera kuti ndi pamene panafika madzi, pakuti caka cimeneco nyanja inadzala kwambiri ndi kulowa m'nyumba zambiri za m'mbali mwace. Koma cimene cinawacotsa pa malopo ndi usiku waciwiri. Atadzuka pakati pa usiku anazindikira kuti cete wa m'nyumbamo ndi yemwe uja anamuthawa ku Katete. Anayatsa toci naona funso la mwana wao pansi pa tsamba. Yankho lace linali lakuti palibe.

M'mawa mwace anapita pa boma la Nkhotakota, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kucokera ku Lilongwe. Kumeneko kuli zipatala ziwiri, ca boma ndi ca mishoni ca St Anne, ndipo msika suli patali. Sanafunse nyumba kwa anyamata a pa siteshoni. Anadikira Lamulungu, nakapemphera, ndipo mapemphero atatha anafotokoza za ulendo wao kwa akulu a mpingo. Iwowa anawatengera kwa mai wina wamasiye amene anali ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yao, pa malo okwera kumene madzi sanafike. Maiwo asanachule za ndalama anafunsa kwao ndi ciwongo cao, ndipo atamva kuti ciwongoco ndi cimodzi ndi cao anaomba m'manja nati, "Ndiye kuti ndinu alongo anga. Malire aja anaika Azungu, ife ndife amodzi." Lendi ya mwezi wathunthu inali yocepa kuposa ndalama ya masiku atatu ku nyumba za alendo za pa gombe. Madzulo ace anakawaonetsa kwa mfumu ya mudzi, monga kuyenera kwa mlendo wokhalitsa.

Pa malopo sipanali zii. Mbanda kuca kunkamveka kuitana kwa ku mzikiti, pakuti ku Nkhotakota kuli Asilamu ambiri. Kenaka atambala, mitsuko pa mjigo ndi ana opita ku sukulu. Aphunzitsi anagonapo kufikira Loweruka, monga mwa lamulo lao, napeza kuti phokoso lonselo limatha dzuwa likalowa, ndi kuti ndi phokoso limene munthu amagona nalo bwino. Analipira mwezi umodzi, nabwerera ku Katete kukatenga mabuku, mankhwala ao ndi neti yoteteza udzudzu. Pa ciyambi ca Juni analowanso m'Malawi ndi cidindo catsopano.

Za ndalama anaphunzira msanga. Mu Novembala 2023 Kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mlendo wosintha ndalama za kwao ankalandira mpukutu waukulu wa mapepala. Masiku oyamba Aphunzitsi anakondwa nazo, kufikira pamene anamva mai a nyumba akuwerenga mtengo wa shuga, mafuta ophikira ndi fetereza. Pamenepo anazindikira kuti cimene cinali kuwapepukira iwo ndico cinali kuliza eni dziko. Kuyambira tsiku limenelo analeka kunenerera mtengo kwa amai ogulitsa nsomba ndi masamba. Anasunga ndalama mwa njira yina, ndiyo kudya zimene eni ace amadya. Mpunga wa komweko unali wochipa kuposa buledi. Usipa unalowa m'malo mwa kapenta, cambo cinali ca Lamulungu lokha, ndipo kondowole, nsima ya cinangwa imene inawakanika sabata yoyamba, anadzaizolowera. Tsiku lina anafunsa malasha pa msika, ndipo amai anaseka mpaka kugwira nthiti asanawauze kuti kuno amati makala. Mau amenewo anasanduka dzina lao la pa msika.

Madzi a m'nyanja sanasambemo pa malo a bango ndi udzu, poopa likodzo. Mphepo ya mwera ikaomba, asodzi ankakokera mabwato ku mtunda, ndipo nsomba zinkakwera mtengo. Masiku otero ndiwo zinali nyemba. M'mawa uli wonse ankayenda pang'onopang'ono kufikira pa mkuyu waukulu pamene David Livingstone anakomana ndi Jumbe mu 1863 kumdandaulira za malonda a akapolo. Nkhaniyi anaiphunzitsa zaka zonse kucokera m'buku, koma tsopano anaima pa doko limene zombo zinkanyamulirapo anthu kuolokera tsidya lina, ena a iwo ogwidwa ku maiko a kumadzulo kumene iwo anacokera. Anaonanso chalichi ca All Saints, pa mishoni imene inakhazikitsidwa mu 1894, m'mene munaikidwa Bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanja mu 1895. Ana a sukulu a pafupi atamva kuti mlendoyo ndi mphunzitsi, anayamba kubwera ndi makope ao madzulo. Munthu amene anacoka kwao kukafuna malo opanda anthu anapezeka ali ndi kalasi pa khonde.

Masiku 30 asanathe anapita ku Lilongwe kukaonjezera cilolezo, nalipira monga mwa lamulo. Atabwerako, pakati pa Julayi, thupi linayamba kuphwanya. Anaganiza kuti ndi kutopa kwa ulendo ndipo sanauze munthu. Usiku umenewo malungo anawagwira kolimba, kotero kuti m'mawa analephera kufika pa citseko. Mai a nyumba anali atazolowera kuona alongo ao akusesa pa khomo dzuwa lisanaturuke. Ataona kuti ana apita ku sukulu koma citseko cikali cotseka, anagogoda, naitana, ndipo posamva yankho anaitana anyamata awiri amene anatsegula zenera. Ora lisanathe Aphunzitsi anali pa bedi la cipatala. Anakhalamo masiku anai. Phala linkacokera ku nyumba, a mpingo ankasinthana kudzawaona, ndipo maiwo anapeza nambala ya ku Lusaka pa cikuto ca kope lija naimba foni.

Mwana wamkazi anafika tsiku lacitatu ali ndi mtima wofuna kuwatenga. Anapeza pa bedipo pali mbale zitatu za cakudya ca m'makomo osiyana, ndi mnyamata wa sukulu akuwawerengera nyuzipepala. Atate ace anamuuza ndi mau ofooka, "Funso lako lija layankhidwa." Iye anagona masiku awiri m'nyumba ya mai aja, nabwerera ku Lusaka yekha.

Masabata otsala Aphunzitsi anawatha pang'onopang'ono. Maondo anali atapepuka. Madzulo ena anapita pa gombe ndi cithunzi ca akazi ao m'thumba la jekete, nakhala pa bwato logadabuzika kufikira nyali za asodzi zitayamba kuoneka pa madzi. Zimene analankhula kumeneko sanauze munthu. Atabwerera anapeza nsima yobvundikira pa tebulo, ndipo anaidya yonse.

Anaoloka malire kutatsala masiku atatu kuti cilolezo cithe, m'nthawi yabwino yokakonzekera mwambo wa Kulamba, umene umacitika kumapeto kwa Ogasiti ku Mkaika, kumene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Atawerengera ndalama anapeza kuti miyezi itatu ija, pamodzi ndi maulendo ndi mankhwala, sinadye ngakhale theka la zimene anapatula. Anzao opuma pa nchito amabwera kudzafunsa za malo abwino okapumulako, ndipo Aphunzitsi sawachulira dzina la malo. Amawabwereka kope lija kuti akopere mafunso anai, ndi kuwauza kuti ayambe ndi lomariza.

Pa Kulamba wa caka cimeneco, pakati pa alendo ocokera ku Malawi panali mai wina wa ku Nkhotakota ndi mdzukulu wao, atasenza thumba la mpunga. Sanafune malo ogona pa boma. Anafunsa njira ya kwa Aphunzitsi, ndipo anapeza cipinda cosesedwa kale.